Chala cha Amayi pa Pepala la a Loya

Ndikakumbukira a Yotamu, amene tonse tinkangowatchula kuti a Loya, ndimamva fungo la inki losakanikirana ndi utsi wa m'mabalani a fodya a kuesiteti, umene mphepo inkaukankhira mpaka pakhonde pawo. Nyumba yawo inali kuseri kwa nkhokwe yathu, kwathu ku Mkanda, ndipo ndinkawaona tsiku lililonse ine ndi amayi tikamaswa mtedza, iwo atavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Anaphunzira zamalamulo kutsidya kwa nyanja, n'kumaimira anthu pamilandu ku Lilongwe. Anthu ankati iwo akayamba Chingerezi, woweruza ankavula magalasi. Kaya n'zoona, kaya n'zokometsera, ine sindinaliko.

Inali nthawi ya Chitaganya pamene mzungu wa esiteti anakulitsa malo ake, waya wake n'kuzungulira msitu wa manda athu. M'menemo munagona azigogo onse a mbumba yathu, komanso mlongo wanga amene anapita ali wakhanda. Agogo anga aakazi, a Nabanda, anali atayamba kale kutsokomola magazi. Sankapempha mankhwala ayi. Ankangoti akadzapita tikawagoneke pafupi ndi amayi awo.

Chaka chomwecho a Loya anasankhidwa kukakhala m'nyumba ya malamulo ku Zomba. Kunali nthungululu mudzi wonse, ife ana tikuthamangira njinga yawo mpaka kumsewu. Atabwerako ulendo woyamba analengeza kuti eni malo onse abwere adzadinde chala papepala, iwo akalitule pamaso pa bwanamkubwa kuti manda abwezedwe.

Tsikulo anaika tebulo pakhonde, ndi inki imene anakagula kusitolo ya Msilamu wina paboma. Oyamba kufika anali akazi, nanga eni malo ndani? Kwathu munda ndi manda n'za akazi. Mwamuna ndi mkamwini, amabwera kudzakwatira, mawa zikavuta anyamula khasu lake n'kumapita. Azimalume athu anali atabalalika, ena kumene anakakwatira, ena kumigodi. Amayi anadzuka m'mamawa n'kukwecha chala chawo ndi mwala mpaka chinayera, kuti chisakadetse pepala la boma. Agogo tinawagwirira m'khwapa mpaka kufika nawo.

A Loya anaimirira, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse.

"Amayi anga, pepani. Ku Zomba chala cha mkazi sachiwerenga. Kaitaneni amuna anu."

Munthu wobadwira m'mudzi momwemo, woyamwa bere la mkazi wa pamalo pomwepo! Mwambo ankaudziwa bwino lomwe, koma ankadziona ngati wodziwa za azungu koposa. Palibe anatsutsa, poti ndani angalimbane ndi munthu wowoloka nyanja? Amayi anayang'ana chala chawo, n'kuchibisa m'chitenje. Agogo anafunsa ngati tadinda kale, ndipo amayi anangoti tiyeni kunyumba.

Amuna anabwera n'kudinda, bambo anga nawonso, iwo amene kwawo kunali kutsidya kwa malire. Ndipo poti a Loya sankachita zinthu mwachidule, pambali pa chala chilichonse analemba dzina la munthu ndi mudzi umene anabadwira.

Za ku Zomba tinazimva kwa iwo eni, patapita zaka. Akuti analankhula mpaka nyumba yonse inakhala chete. Kenako mzungu woimira eni maesiteti anapempha pepalalo, n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono: uyu wa ku Dambe, uyu wa ku Chiosya, uyu wa ku Rhodesia. Anafunsa kuti mwa anthu onsewa ndani ali ndi kholo m'mandamo. A Loya anayesa kufotokoza za chikamwini, koma anafunsidwa kuti ngati eni malo ndi akazi, nanga zala zawo zili kuti. Nkhani inathera pomwepo.

Agogo anamwalira m'dzinja. Tinanyamula maliro mpaka pawaya, mlonda n'kutikaniza, iyenso misozi ili m'maso poti ankaopa ntchito. Adzukulu okumba manda anakakumba m'mphepete mwa dambo, kumene madzi ankatumphuka m'dzenje iwo akukapa ndi zipande. Ndinaona mphasa ya agogo ikunyowa asanathire ndi dothi lomwe. A Loya anabwera ndi jekete lawo lija, anaima kumbuyo kwa anthu, ndipo palibe anawasunthira malo.

Chilimwe chotsatira aesiteti anagwetsa mitengo ya kumanda kuti ikhale nkhuni zowotchera fodya. Utsi umene ndanena uja unali umenewo. Tinkaupuma tikamadya, unkalowa m'zovala zathu pachingwe, ndipo amayi ankatseka chitseko masana n'kukhala m'katimo.

Nthawi yawo itatha, a Loya sanatumidwenso ku Zomba. Milandu nayo anaisiya. Ankangokhala pakhonde, jekete litayamba kung'ambika m'zigongono, akupereka moni kwa aliyense wodutsa. Amayi ankayankha moniwo, koma pabwalo lawo sankapondapo.

Ine nditatha msinkhu, tsiku lina a Loya anabwera okha kwathu, akutsimphina, atanyamula pepala limene anasunga lofanana ndi lija, ndi kabotolo ka inki kotsala pang'ono kuuma. Anagwada pansi, munthu wamkulu ngati ameneyo, n'kuyala pepalalo pamphasa patsogolo pa amayi.

"A Naphiri, ndinakubwezani pakhomo panga. Ndinalakwa ndine."

Amayi anali akusenda chinangwa. Sanasambe m'manja. Anaviika chala m'kabotolomo n'kudinda m'munsi mwa mayina onse, dothi ndi inki pamodzi.

"Chala chake n'chomwechi, a Loya. Chinalipo tsiku lija."

Anapitiriza kusenda chinangwa chawo. A Loya anamwalira mvula isanagwe, ndipo nawonso tinakawaika kudambo konkuja.

Pepalalo lili ndi ine, m'sutikesi pansi pa bedi. Kunena zoona, mpaka lero sindidziwa ngati ndinawakhululukira, ngakhale kuti ankatifunira zabwino ndi mtima wonse. Adzukulu anga atandifunsa kumene makolo athu anagona, ndinawatengera kumunda wa fodya wa eni ake, ndinaima pamsewu n'kuloza ndi chala pakati pa mizere. Sindinathe kuwauza kuti ndi mzere uti.