A Hutala ndi Mpando Wozungulira

Dzina lakuti Hutala sanalipeze kwa makolo awo ayi. Analipeza pamsewu, m'zaka makumi atatu ndi zinayi zoyendetsa mathiraki, chifukwa munthuyu akangoti "mwadzuka bwanji", agalu a nyumba zitatu amayankha. Anapuma ntchito osachitapo ngozi, osapatsapo wapolisi kangachepe ngakhale kamodzi, ndipo zinthu ziwirizi amauza aliyense, ngakhale wongobwera kudzabwereka machesi.

Akazi awo anali telala wa pakhonde la golosale, mpaka tsiku limene sitiroko inawagwetsa pamakina. Inatenga mwendo ndi mkono wa kumanzere, koma pakamwa inapalambalala, mwina nayo inaopa. Adokotala anati azibwera sabata iliyonse kudzawongola mwendowo, apo ayi bondo liuma mpaka kalekale. Miyezi yoyamba ankapita pa takisi. Tsiku lina pachipata cha chipatala, a Hutala atagwira kukhwapa, watakisi atagwira miyendo, nsapato inagwa, diresi inakwera, anthu a pamzere onse maso tong'o. Mayi sanalire. Atafika kunyumba anangonena mawu amodzi.

"Sindidzanyamulidwanso ngati thumba la simenti. Mwamva?"

A Hutala anakalipa sabata yathunthu, koma mayi sanatulukenso pageti. Bondo linayamba kupindika pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene analowerera mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa akazi awo, munthu amene dziko lonse analisunga m'foni. Anawaonetsa kanema wa galimoto ya kunja: mayi wina wokalamba akudina batani, mpando wa kutsogolo ukuzungulira wokha, kutuluka pakhomo, kutsika mpaka pansi ngati ngamila yogwada. A Hutala anauonera kanemayo mwina maulendo makumi anayi. Anagulitsa kapikapu kawo kakale, mlamu anadinadina m'foni, galimoto inakwera sitima.

Za mapepala tisakambe zambiri, magazi angatikwere. Windo lachitatu linkawatumiza ku windo lachisanu ndi chiwiri, kumene mwini wake anali atapita kumaliro, jekete yake itatsala pampando kuti igwire ntchito. Patatha miyezi itatu anawalowetsa m'bwalo la magalimoto obwera kumene. Inali apo, yoyera ngati mano a mwana. A Hutala anapukuta manja m'thalauza, natsegula chitseko cha kumanja, kumene dalaivala aliyense wa kuno amakhala. Anapeza mpando wozungulira uja ukuwayang'ana. Kutsogolo kwake kunalibe kanthu.

"Alamu! Chiwongolero aba!"

Alonda anabwera akuthamanga. Mlamu anazungulira mbali inayo, nasuzumira, nakanda m'mutu.

"Chilipo alamu. Chili kuno."

Galimotoyo anaipangira dziko limene amayenda mbali ina ya msewu. Dalaivala wa zaka makumi atatu ndi zinayi anaonera kanema maulendo makumi anayi, maso ali pampando, osafunsa kuti nanga woyendetsa amakhala kuti.

"Iwe ndi foni yakoyo mutu ndi umodzi, wa pulasitiki!"

"Ine ndimadziwa mabatani alamu. Za ziwongolero katswiri ndinu, mumatiuza tsiku ndi tsiku."

Poti inalibe nambala, inafika kunyumba itaberekedwa pa lole. Koma mpando unkagwira ntchito, zimenezo tisaname. Mayi anafika ndi ndodo yawo, natembenuka, nakhala, nadina batani ndi dzanja lamoyo lija, mpando nkuwalowetsa wokha popanda munthu kuwakhudza. Kuyambira tsikulo m'mawa uliwonse ankavala bwino nkukwera. A Hutala ankawayendetsa kuchokera pa mpopi kufika pageti, nkubwerera chambuyo. Ulendo wa mamita khumi ndi awiri. Ana a aneba ankabayibitsa.

Kuti ituluke pageti inafunika chidindo cha woyeza magalimoto, ndipo ulendo uliwonse wopita kwa iye unkafuna kapepala kake ka tsiku limodzi, ka pawindo la jekete lija. Woyezayo anali kamunthu kowonda, kovala kolala yolimba, kolankhula motsitsa ngati kakupepesa maliro. Ulendo woyamba anaimika galimoto moyang'ana khoma, nayatsa nyali.

"Bambo, nyalizi zikuthira kuwala kumanja. Muzichititsa khungu anzanu obwera kutsogolo. Kasintheni."

Anakasintha. Ulendo wachiwiri anasuzumira pa wotchi ya liwiro.

"Iyi ikuwerenga mamailosi. Kuno timayendera makilomita."

"Nanga tsiku lija simunaione?"

"Tsiku lija timaona nyali, bambo."

Anakasinthanso. Ulendo wachitatu kamunthu kaja kanalowa m'dzenje loonera kunsi kwa galimoto, kanagogoda pansi ponse, kanatuluka, kanapukuta zala chimodzichimodzi, nkunena kuti zonse zili bwino, kungoti galimoto ya chiwongolero cha kumanzere lamulo silikulolanso kuipatsa nambala.

Akuti mawu a a Hutala tsiku limenelo anadzutsa nkhunda zonse za padenga la shedi.

"Chiwongolero chimenechi chamera usiku uno ngati bowa? Mwezi wathunthu mwakhala mukuchitsamira ndi chigongono chanu polemba timapepala tanuto! Mumadikira ndithe nsapato? Muli ndi maso kapena mabatani a malaya?"

"Lero ndiye timaona chiwongolero, bambo. Wotsatira!"

Kunja kwa mpanda kunali dobadoba, mmodzi wa anyamata onenepa aja amene sagwira ntchito mu ofesi koma amadziwa khomo lililonse lakumbuyo. Anawatsatira mpaka pagalimoto.

"Madala, mukudzivutitsa. Maulendo atatu simunamvebe chimene akunena? Mundione pang'ono, chidindo chikupezani kunyumba mukumwa tiyi. Chiwongolero chikhale pomwe chilipo."

A Hutala anamuuza za amake, za agogo ake, ndi za mimba yakeyo. Koma kapepala ka nambala ya foni kamene anawaponyera pampando sanakataye.

Makaniko wa kuseri kwa msika, mnzawo wakale, anati kusamutsa chiwongolero ndi nkhani yaing'ono. Anali ndi inzake ya mtundu womwewo yogundidwa kumbuyo, akanachotsamo zonse za kutsogolo. Vuto linali limodzi: chiwongolero chikapita kumanja, mpando wa mayi uchokepo, chifukwa malo ake ndi omwewo.

"Ndiye uuike kumanzere, mbuzi iwe!"

"Mpandowu umadziwa njira imodzi, achimwene. Umazungulira cha kumanja basi."

A Hutala sanakhulupirire mpaka anayesa. Anaumasula, nauika kumanzere ndi mabawuti awiri, nakhazikapo mlamu. Mlamu anadina batani. Mpando unamutembenuza mwaulemu kuloza mkati mwa galimoto, nkuyamba kumukankhira pa giya, mawondo ali kukhosi, akukuwa kuti azimitse. A Hutala anachedwa dala kuchotsa waya.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamutu, osakalipira ngakhale galu. Mayi anadziwa kuti zavuta. Anali pakhonde, mwendo uja uli pa kampando, bondo litapindika kuposa mwezi watha. A Hutala anatulutsa kapepala ka dobadoba, nakaika patebulo.

"Ndimuimbira. Chiwongolero ndikachisuntha, mpando wanu wafa. Ndikachisiya, nambala kulibe. Zaka zonsezi sindinadyetsepo fisi aliyense, koma lero ndidyetsa. Asangalale!"

"Ndiye mukatero ine ndizitsikira mbali iti?"

"Kumanja, komwe uliri."

"Pakati pa msewu? Mpando uzinditula pamaso pa minibasi? Mwatopa nane bambo, nenani bwinobwino."

A Hutala anakankhira kapepala kaja pambali. Zimenezo anali asanaziganize, iwo ndi dobadoba yemwe.

"Patseni nsapato yanuyo," anatero mayi.

Anaiika patebulo, chala cha nsapatoyo chitaloza kumsewu. "Uwu ndi mpando. Ukuti umapita uku?" Anaipotoza cha kumanja. Kenaka anaitembenuza yonse kuti chala chiloze kunyumba, naipotozanso chimodzimodzi. Nsapato inaloza mbali inayo.

"Kolala ya malaya anu ikaperepeseka ndinkataya malaya? Ndinkaisomola, kuitembenuza, kuisokanso. Munavala makolala otembenuza zaka makumi awiri osadziwa, mukudzitama kuti malaya anu sakutha. Mpandowo kauikeni kumbuyo, pa chitseko chokoka cha kumanzere, uyang'ane kumene tachokera."

"Mkazi wanga aziyenda chambuyo ngati katundu? Anthu aziti chiyani?"

"Nanga kutsogolo kuli chiyani choti ndione? Nkhongo yanuyo? Ndaiona mokwanira."

Makaniko atamva anakhala pansi pa tayala nkuseka mpaka kutsokomola. Amuna atatu, masipanala bokosi lonse, nzeru nkuchokera m'nsapato. Ntchito inatenga masabata awiri. Anasamutsa chiwongolero, anachotsa mpando wa pakati, anawotcherera chitsulo chochindikala pansi, namanga mpando wa mayi ndi mabawuti asanu ndi atatu, a Hutala ataima pamsana pake kutukwana bawuti iliyonse.

Ulendo wachinayi mayi anati apita nawo. Aka kanali koyamba kutuluka pageti m'miyezi khumi ndi umodzi, ndipo analiona getilo likuchepa mpaka kukhota.

Woyeza uja anaona chiwongolero, nagwedeza mutu. Atatsegula chitseko chokoka anakumana maso ndi maso ndi mayi ovala diresi ya maluwa, atayang'ana kumbuyo, chikwama chili pamiyendo.

"Aa, izi ndiye ayi. Mpando woyang'ana kumbuyo?"

"Lero mukuona mipando?" anafunsa a Hutala, mitsempha ya m'khosi itaima. "Tsegulani buku lanulo. Mundiwerengere pamene aletsa. Sindichoka, ndabwera ndi mkate."

Kamunthu kaja kanapita mu ofesi, kanabwera ndi buku lonenepa, kananyowetsa chala. Kanafufuza kutsogolo, kanafufuza kumbuyo. Buku linkangofuna lamba ndi mabawuti olimba. Kanakoka lamba, kanalowa m'dzenje kukawerenga mabawuti, kanatuluka.

"Mwina mubwerenso Lachinayi, tione ngati umagwiradi ntchito."

Mayi anadina batani. Mpando unazungulira, unatuluka, unatsika, nkuwaimika mphuno ndi mphuno ndi woyezayo, madalaivala onse a pamzere akuonerera.

"Wagwira kapena sunagwire? Mwana wanga, bondo ili ukuliona? Mwezi umene unkawerenga nyali linkawongoka kufika apa. Lero likuthera apa. Lachinayi lako ndilibe. Ndipo kolala yakoyo anakusokera mopotoka, ndiye chifukwa chake umaona chinthu chimodzi pa ulendo."

Pamzere panaphulika chiseko. Chidindo chinagwa papepala mwamphamvu ngati chikupha mphemvu.

Nambala itamangidwa, ulendo woyamba unali wa kuchipatala, pachipata chomwe chija. A Hutala anaimika galimoto, nathamanga kuzungulira, manja ali patsogolo mwa chizolowezi.

"Chotsani manja anuwo."

Anatsika okha, mbali ya anthu oyenda pansi, nsapato zonse ziwiri zili kuphazi. Adokotala anati bondolo silidzawongokanso lonse, miyezi yotayika ija yadya gawo lake, koma lotsalalo alimbana nalo. A Hutala akakumbukira mawu amenewa amafuna kubwerera kushedi kuja ndi jeke m'manja.

Mukaiona galimoto yoyera Lachiwiri m'mawa, muisiyire njira. Kutsogolo kuli mwamuna akukalipira zonse zimene zikubwera, kumbuyo kuli mkazi akukalipira zonse zimene zadutsa. Galasi loonera kumbuyo a Hutala analeka kuligwiritsa ntchito. Asanaliyang'ane n'komwe amakhala atamva kale kuti wanjinga uja amupanikiza, ndipo kuti pa zaka makumi atatu ndi zinayi zija payenera kuti panali mwayi wambiri.