Kachitini ka Dothi la ku Rasha

Ndinadzuka tambala asanalire, mtima uli m'mwamba. Amayi a kwaya amene anachezera kuimba anali atagona pakhonde, ndipo moto wa abambo unali utatsala makala okhaokha. Linali tsiku loika apongozi anga, mzungu wa ku Rasha amene anabwera kuno ku Biriwiri ndi amuna awo ndale za zipani zambiri zitangoyamba. Amunawo atamwalira, iwo anakana kubwerera kwawo. Ankati sangasiye manda a amuna awo opanda wolambula.

Nkhawa yanga inali pa mlamu wanga Olga, mwana wawo wokhala ku Jeremani. Anali ataimba foni kuti tisayerekeze kuika maliro, chifukwa thupi alitenga likagone ku Rasha pafupi ndi agogo ake. Koma adzukulu anali atayamba kale kukumba, ndipo kwathu kuno dzenje la manda siligona lopanda mwini. Amuna anga, achimwene ake a Olgayo, ankangoti tiona. Anandikwiyitsa kwambiri. Amunatu zinthu zikathina amasanduka osalankhula.

Kutacha kunayamba mvula yowaza. Nkhuni zonyowa zinkangofuka, amayi ophika akupukuta misozi ya utsi. Anthu anadzaza mpaka m'munda wa mbatata, ena ochokera ku Manjawira, pakuti malemuwo sankaphonya maliro a munthu aliyense. Abusa anatalikitsa ulaliki dala kuti Olga atipeze, ine maso ali kumsewu. Olga sanaoneke, ndipo tinanyamuka.

Tili m'njira ya kumanda, galimoto inaima. Olga anatsika osapereka moni, n'kukaima kutsogolo kwa onyamula bokosi. Nyimbo inadukira pakati.

"Amayi anga sagona m'tchire muno," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka.

Amuna anga anangozyolika. Ine ndinatulutsa kachitini ka tiyi kamene ndinabisa m'chitenje. Apongozi anandipatsa akudwala. Munali dothi la pamanda a amayi awo, lomwe analisunga zaka zonsezi pansi pa bedi.

"Alamu," ndinatero, "amayi anati kwawo anabwera nako kale, kuli umu. Anati muthire ndinu."

Olga anatsegula kachitiniko n'kununkhiza. Pambuyo pake ndinamva kuti amene anatapa dothilo anali Olga yemweyo, ali mtsikana, tsiku limene ankachoka ku Rasha. Anaima nthawi yaitali mvula ikumunyowetsa. Kenaka anapatuka, bokosi n'kudutsa. Kumanda anathira dothi lonse pabokosi, adzukulu n'kuyamba kukwirira.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Olga anaphimba kalilole ndi nsalu monga amachitira ku Rasha, n'kuika kapu ya madzi ndi buledi pafupi ndi chithunzi cha amayi ake. Ine ndinkaopa kuti wandisungira chakukhosi. Ndikumuyalira pogona, ndinaona kachitini kaja pamwamba pa chikwama chake. Ndinakanyamula kuti ndikatsuke, koma kanali kolemera. Munali dothi lonyowa, lofiira, la kuno ku Biriwiri.