Munthu wa kwa Kasakula Amene Anatijambula pa Ukwati

Ndinakwatiwa chaka chimene matalala anawononga fodya kwathu kwa Msakambewa. Masamba anabookabooka ngati sefa, ndipo abambo anga atabwerako kogulitsa anangokhala pakhonde, chipewa chili pabondo. Ukwati unali utalengezedwa kale m'tchalitchi, moti kuubweza kunali kosatheka. Diresi ndinabwereka kwa akazi a aphunzitsi, velo kwa asisitere. Mwamuna wanga, kalipentala wa ku Chisepo, anapeza jekete ya mnzake, koma manja ake ankamulekeza panjira.

Zonsezo sindinadandaule nazo. Chimene ndinkalimbikira ine chinali chithunzi. Mkulu wanga anali atamwalira pobereka osajambulitsapo n'kamodzi komwe, ndipo nkhope yake inali itayamba kundithawa m'mutu. Ndinkaopa kuti amayi nawonso adzapita choncho.

Wojambula wa paboma pa Dowa anatchula mtengo woti mbuzi zathu zonse zikanathera iye, n'kuwonjezanso kuti timulipirire basi. Kenaka tinamva za bambo wina wa kwa Kasakula amene anabwera ndi kamera kuchokera kumigodi ya ku Joni. Tinalawirira wapansi ine ndi abambo, kukwera ndi kutsetsereka mapiri, n'kukamupeza akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Anali wamtali, waimvi zapatalipatali, wolankhula motsitsa mawu.

"Filimu ili m'kamera yangayi ndi ya zithunzi khumi ndi ziwiri," anatero. "Zinayi ndajambula kale anthu ena. Zotsalazo zikhale zanu. Mudzandipatse mtedza madebe awiri, zokatsukitsa mudzaona nokha."

Abambo anavomera msangamsanga. Koma tikutsanzika, bamboyo anati, "Ndikuuzirenitu, ine khadi ndilibe."

Masiku amenewo munthu wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, sankakwera basi, kwina ngakhale pachitsime ankamubweza. Bamboyo anali wa mpingo wina umene sunkalola anthu ake kugula khadilo, ndipo tonse tinkamva zimene zinkawachitikira anthu a mpingo umenewo. Tili m'njira abambo anati, "Mwana wanga, munthu uja tikamuitana, taitana moto." Ine ndinalira mpaka kunyumba, ndinanyanyala chakudya masiku awiri, mpaka abambo anagonja. Izi ndikuzinena kuti zidziwike: amene anakakamira kuti bamboyo abwere ndine.

Tsiku la ukwati anafika m'mamawa panjinga, kamera ataikulunga m'thaulo. Ntchito yake ankaidziwa. Anapempha nsalu yoyera yofunda, n'kuikoloweka pakhoma la chigafa cha fodya kuti kumbuyo kwathu kusaoneke mapaso ndi udzu. Anandiuza kuti ndipukute mafuta amene azakhali anandipaka kumaso, akuti pachithunzi ndikanyezimira ngati poto watsopano. "Tijambuliretu dzuwa lisanakwere," anatero. "La masana limakumba maenje m'maso." Choyamba anandijambula ndi amayi. Amayi anauma thupi ngati akubayidwa jakisoni, iye n'kuwafunsa kuti, "Mayi, nkhuku zija ndi zanu kapena mwabwereka nazonso?" Amayi anaseka, iye n'kudina pomwepo.

Pakhomo la tchalitchi anajambula ziwiri. Anamuimika mwamuna wanga chammbali, dzanja limodzi kumbuyo kwanga, lina m'thumba, kuti kufupika kwa jekete kusaoneke. Chachinayi chinali cha ankhoswe. Chachisanu anajambula titabwerera kumudzi, mabanja onse awiri titaima pamodzi pamthunzi, ndipo anatenga nthawi ndithu kutisanja, aatali kumbuyo, ana pansi.

Patangopita kanthawi atadina chachisanucho, nthungululu zinaduka. Anyamata asanu ndi mmodzi a chipani anali atalowa pabwalo, ena atanyamula mipini ya makasu. Wowatsogolera anali msuweni wanga, mwana wa amalume, amene ndinakula naye, amene m'mawa womwewo anathandiza nawo kusenda mbuzi. Apa n'kuti ine atandikhazika pampando, velo ili kumaso, monga amakhalira mkwatibwi podikira kuti anthu afupe.

"Akulu, khadi," anatero msuweni wangayo.

"Ndilibe, bambo."

"Ndiye gulani. Ndili nawo pano."

"Sindingagule."

Sanakweze mawu, sanathawe. Mbama yoyamba inamveka bwalo lonse. Wina anamumenya ndi mpini kuseri kwa mawondo, iye n'kugwada. Lamba wa kamera anaduka, kamerayo n'kugubuduka m'fumbi mpaka pafupi ndi mapazi anga. Sindinaganize kawiri. Ndinaikoka ndi chidendene n'kuiphimba ndi diresi.

Anamupondaponda m'nthiti ndi nsapato. Wina anamasula tcheni cha njinga yake yomwe n'kumamukwapula nacho kumsana mpaka malaya anang'ambika, mizere yofiira ikuonekera. Ana anayamba kukuwa. Pamenepo msuweni wanga anatembenukira azimayi n'kuwalamula kuti, "Imbani! Si ukwati uno?" Ndipo anaimba. Azimayi amene ndinkapemphera nawo, azakhali anga, apongozi anga amene anali atangondilandira kumene, anaimba nyimbo yaukwati akuomba m'manja, misozi ikutsika, munthu akumenyedwa patsogolo pawo.

Abambo anga analowererapo. "Ana inu, ameneyu ndi mlendo wanga. Ngati pali mlandu, wolakwa ndine." Mnyamata wina wamsinkhu wa mdzukulu wawo anawagunda ndi mpini pakamwa. Anakhala pansi, n'kulavulira mano awiri m'chikhatho, n'kumangowayang'ana.

Kenaka anagubuduza mtondo wa amayi n'kuuvundikira. Msuweni wanga anafunsa bamboyo kuti, "Dzanja lojambulira ndi liti?" Anyamatawo anagwira lamanja n'kulitambasula pamwamba pa mtondowo, awiri atamutsamira pamapewa, wina n'kukweza munsi. Kanali koyamba kuti bamboyo akuwe. Anasinja katatu. Kulira kwa mafupa aja kunali ngati munthu akuthyola mapesi ouma, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinagwirenso munsi osakumbukira.

"Chikamera chija chili kuti?" anafunsa msuweni wanga. Anayang'anayang'ana, maso ake n'kudzaima pa ine. "Asuweni, taimirirani."

Ndinapanikiza kamera pakati pa zidendene, osadzuka. Azakhali anga, alongo awo a abambo, ndi amene anayankha. "Mkwatibwi sadzuka asanamufupe. Kapena ukufuna umuvule mlongo wako pamaso pa apongozi ake?"

Msuweniyo anakoka velo n'kundiwomba mbama. Khutu langa linalira, magazi a m'mphuno n'kudonthera padiresi ya eni ake. Mwamuna wanga, amene nthawi yonseyi ankhoswe anali atamugwira mikono, anapulumuka n'kumugwetsa msuweniyo ndi chibakera chimodzi. Onse asanu anamusiya wojambula uja n'kumuunjikira iye. Anamung'amba pamwamba pa diso, anamuthyola nthiti, jekete ija inatsala nsanza. Akanamupha. Chimene chinawaletsa ndi amalume, bambo wake wa msuweniyo, amene anagona pamwamba pa mkamwini wawo n'kunena kuti, "Yamba wapha ine, iwe mwana." Anyamatawo anabwerera m'mbuyo. Pochoka anatenga mwendo wa mbuzi ndi njinga ya bamboyo. Ine ndinali ndidakali pampando paja.

Anthu anabalalika osadya. Tinamanga ng'ombe pangolo n'kugonekamo anthu awiri, mwamuna wanga ndi wojambulayo, ulendo wa kuchipatala cha mishoni. Ndinakhala pakati pawo ndili m'diresi momwemo. Ngolo ikagunda mwala bamboyo ankabuula, dzanja litatupa ngati dzungu m'chitenje chimene amayi anamukulunga. Panjira anatsegula maso n'kundifunsa ngati kamera ilipo. Nditavomera anati, "Musatsegule kumbuyo kwake. Kuwala kukalowa, zonse zipsa. Mukapatse munthu wodziwa." Ndinayamba kupepesa, koma anatsinzinanso.

Kamerayo ndinakapereka kwa abambo mfumu a paparishi, amene anachotsa filimu n'kupita nayo ku Lilongwe osandifunsa zambiri. Patatha milungu itatu anandiitana n'kundipatsa envulopu pamodzi ndi kamerayo. Zithunzi zathu zisanu zinatuluka bwino zedi, zoposa za anthu amene analipira wojambula wa paboma. Nkhope ya aliyense inkaoneka, ngakhale maluwa a pachitenje cha amayi. Ndinathamangira kuchipatala kuti ndikamuonetse mwini ntchito, koma anandiuza kuti abale ake anadzamutenga asanachire. Kwa Kasakula nyumba za anthu a mpingo wake zinali zitatenthedwa, ndipo otsala anali atathawira kunja kwa dziko.

Mwamuna wanga anachira, ngakhale kuti nyengo yozizira nthiti zinkamuvuta mpaka ukalamba. Msuweni wanga sanaimbidwe mlandu uliwonse. Tinkakumana pamaliro, iye n'kumandipatsa moni ngati palibe chinachitika. Ndinkayankha, poti ndi mwana wa amalume, koma madzi ochokera m'manja mwake sindinamwenso.

Kamera ndinaibisa kudenga, m'kati mwa udzu. Dzinja lachiwiri, ndili ndi mwana kumsana, kunabwera mayi wina wopanda nsapato, wowonda, n'kuima kumapeto kwa munda kumene ndinkapalira. Anati ndi mkazi wa bambo uja, wabwera mozemba. Mwamuna wake anali moyo, koma dzanja lija linawola, analidula. Ankafuna kamerayo kuti akagulitse, ana apeze chakudya. Ndinamutengera kunyumba, ndinaitsitsa kudenga, ndinamuonetsanso zithunzi. Anazigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, kusonyeza kuti anazolowera, n'kuziyang'ana chimodzichimodzi nthawi yaitali. Ndinamuuza kuti amene anakakamira kuti mwamuna wake abwere ndine. Anangoti, "Iwo ankadziwa kumene akupita, mayi."

Anakana kudikira chakudya. Ndinamumangira ufa ndi nyemba, n'kumuperekeza mpaka kumtsinje. Tisanafike pamlatho wa mitengo anaima n'kunena kuti, "Bwererani pano. Angakuoneni muli ndi ine." Ndinabwerera. Nditafika pachitunda ndinacheuka, n'kumuona akukwera phiri la kutsidya, katundu ali pamutu, mvula ikuyamba kuwaza.