Mayeso Omwe Kunalibe

Tho, tho, tho. Ndikamva anthu akuthothola mtedza, mpaka lero manyazi amandigwira.

Inali holide ya Pasaka, kwathu ku Mkanda. Malume anabwera ndi ana awo kuchokera ku Chipata, ndipo agogo, omwe anandilera makolo anga atamwalira, anagawira aliyense mulu wake wa mtedza. Ine ndinali pakati pa buku la kazitape lomwe ndinabwereka kusukulu. Ndinalikuta ndi nyuzipepala, n'kunena chapansipansi kuti tikatsegulira tili ndi mayeso.

"Mayeso a chiyani, mphwanga?" anafunsa malume akuseka. "Ulesi umenewo!"

"Asiyeni amuna anga awerenge," anatero agogo, poti ankanditchula choncho mwanthabwala. "Mulu wawowo ndi wanga."

Sankadziwa kuwerenga, ndipo ine ndinadalira zimenezo.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, nkhope nditaikwinya ngati ndikulimbana ndi samu, chonsecho ndikuthamangitsana ndi akuba a m'bukumo. Pomwe ndinkatsegula tsamba lina ndinkawaona agogo akuthothola. Anzanga atamaliza anapita kumpira, malume anakagona, agogo anatsala okha padzuwa ndi mulu wanga. Ndinaganiza zodzuka. Ndinati ndimalize kaye mutu umodzi, kenako wina.

Patapita nthawi, agogo anamwalira ndisanawauze zoona. Bukulo ndaiwala ndi mathero ake omwe, koma madzulo a tsiku lothothola mtedzalo sindiiwala. Anabwera akutsimphina, chala chachikulu cha kudzanja atachimanga kansanza, n'kundipatsa mbale ya mtedza wophika.

"Idyani, mutu ugwire bwino. Mukakhoze."

Anabwerera kukasesa makoko.