Jekete Lomwe Tinalikwirira

Faan Odendaal ankayamba kupereka moni kwa jekete, mwini wake pambuyo. Ukakumana naye utavala chikopa, dzanja lake linkafika pa kolala, n'kutsikira pa zipi, kenako ankaweramitsa mphuno. Akatero m'pamene ankakuyang'ana kumaso n'kufunsa za ana. Alendo ankakwiya. Ife a ku Brakpan tinazolowera.

Anagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku mgodi wa golide mpaka msana unakana. Mowa ayi, fodya ayi, mpira sankaudziwa. Chake chinali chimodzi: majekete achikopa akale a anthu okwera njinga zamoto. Galimoto yake inkagona panja, mvula ndi matalala, chifukwa m'garaja munali majekete okhaokha, lililonse pa kamtengo kake kokulungidwa nsanza kuti mapewa asapindike.

Chikopa cha hatchi ankachizindikira ali chitsinzire: n'cholemera, n'chouma ngati chitseko, sichitambasuka. Cha ng'ombe chimagonja msanga. Wina akasokerera chizindikiro chakale pa jekete latsopano kuti amupusitse, Faan ankadula kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Ulusi wakale wathonje umasanduka phulusa, wamakono umasungunuka. Koma chomwe ankachikhulupirira koposa chinali makwinya. Ankati chikopa sichiiwala thupi. Poona mmene chigongono chapindikira ankakuuza ngati mwini wake ankakweradi njinga kapena ankangotsamira khoma la sitolo kudikira atsikana.

Ine ndine Sakkie, ndinali wowongola magalimoto ophwanyika. Faan ndinamudziwa kudzera mwa mkulu wake, Tielman. Tili anyamata tinali ndi gulu lathu la njinga, tsitsi lonyezimira mafuta, apolisi akutidziwa ndi mayina omwe. Tielman ndiye ankatsogolera. Loweruka lina pa msewu wa ku Heidelberg anawombana ndi lole, khosi linathyoka, anafera pomwepo. Kunali kutatsala milungu yochepa kuti akwatire mtsikana wotchedwa Breggie.

Lamulo la gulu lathu linali lakuti wokwera njinga amapita kumanda ndi jekete lake. Amayi ake analira, abusa anakana, ife sitinamve. Tinamuveka tokha m'chipinda chochezera cha kwawo. Zipi ndinakweza ine, ndi dzanja langali, mpaka pakhosi, Faan ataima pambali panga. Kenako azimayi anatitulutsa kuti atsanzikane naye, bokosi linatsekedwa, tinakaika. Patapita zaka zingapo Faan anakwatira Breggie. Palibe anadabwa. Mwamuna anali wofatsa, mkazi wa pakamwa, banja linayenda. Majekete anayamba kugula nthawi yomweyo.

Tsiku lomwe ndikufuna kunena linafika tonse tili ndi imvi. Azimayi a mpingo wathu anachititsa kaunjika pabwalo la tchalitchi. Ine ndinali kudya vetkoek yanga, ndazi yaikulu yoikamo nyama yogaya, mafuta akuyenderera m'zala, pamene ndinaona Faan akusolola chinthu chakuda m'katoni. Anachitambasula, n'kukhala pansi, pafumbi penipeni.

"Iwe Faan, shuga wakugwetsa?"

"Bwera uyeze mikono iyi."

Ndinayeza. Wakumanzere unali waufupi. Tielman anathyoka mkono umenewo ali mwana, unapola mofupika, ndipo amayi ake anamudulira mkono wa jekete kuti ugwirizane. Ndinatembenuza m'kati. Munali bulangete lofiira lomwe mayi yemweyo anasokeramo. Paphewa lakumanja panali popalika, pomwe phula la msewu linadya tsiku la ngozi.

Vetkoek inandigwa m'manja. Za mizimu sindikhulupirira. Chinthu chomwe ndinachitseka ndekha pa mtembo chinali m'manja mwanga, dzuwa likuswa mtengo, ana akuthamangitsana pambali.

"Agogo, mukugula kapena mukulilirira?" anafunsa mtsikana wa pa tebulo. "Ena akudikira."

"Latuluka kuti ili, mwanawe?"

"M'makatoni a kwa malemu mayi Truia. Ana awo anasesa nyumba yonse, anabweretsa ndi mapoto omwe."

Truia anali mkulu wake wa Breggie, anali atamwalira mwezi wapitawo. Mwamuna wake, Ockert, anali wa m'gulu lathu. Nthawi imeneyi ankakhala kunyumba yosungirako okalamba, atafa ziwalo mbali imodzi.

Faan anadzuka, nkhope itayera ngati laimu.

"Ockert. Galu ameneyu ankalisirira jeketeli Tielman ali moyo. Anamuvula mbale wanga m'bokosi. Ndikukamuthyola zala chimodzichimodzi."

"Munthu wodyetsedwa ndi supuni?"

"Zala akadali nazo."

Chibadwire sindinamumvepo Faan akuopseza ngakhale mphaka. Ndinamulanda makiyi a galimoto. Ndinamuuza kuti iye yemwe amanena kuti jekete saliweruzira pamsika, ndiye tikalione kaye bwinobwino kunyumba. Kunena zoona, ndinkangofuna kuti mtima wake uzizire.

M'garaja analiyala pa tebulo n'kuyatsa nyale. Atangoyamba kusisita chikopa, mtima wake unakhazikika. Anapinda mkono wa jekete, n'kuuwongola, n'kuupindanso.

"Lafewa," anatero.

"Ndiye?"

"Chikopa chotayidwa m'sutikesi zaka zonsezi chimanyenyeka ngati buledi wouma. Ili lakhala likudyetsedwa mafuta. Wina amalisamala."

Anandionetsa makwinya a m'zigongono, akuluakulu, a munthu wogwira chiwongolero cha njinga. Amenewo anali a Tielman. Kenako chala chake chinapita kumapeto kwa mikono. Panali mizere yosonyeza kuti wina ankaipinda kawiri. Pachifuwa panali makwinya ena opingasa, a munthu wokhala pansi atadzikumbatira.

"Ockert ndi chimphona, sangapinde mikono," anatero. "Uyu ndi munthu wamng'ono thupi."

"Truia ndiye."

"Truia? Zipi iyi ikanatseka pa Truia? Usandiseketse."

Anaweramitsa mphuno pa kolala n'kukhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka anatenga chitini pa shelefu, anachitsegula, n'kundipatsa pamodzi ndi jekete. M'chitinimo munali mafuta omwe ankaphika yekha, a mchira wa nkhosa osakaniza ndi phula la njuchi ndi madontho a bulugamu. Sankagulitsa, sankagawira munthu. Ndinanunkhiza uku, ndinanunkhiza uku. Fungo linali limodzi.

"Ndimadabwatu kuti chitinichi chimatha msanga," anatero motsitsa mawu.

Tonse tinkadziwa yemwe ankapita kwa Truia Lachinayi lililonse chikwatiwire.

Tili chomwecho chitseko chinatseguka, Breggie analowa ndi thireyi ya khofi ndi mabisiketi ouma. Anaona tebulo. Ndinkayembekeza kuti makapu agwa. Sanagwe. Anaika thireyi pa mpando bwinobwino n'kupukuta manja pa epuloni.

"Mwalipeza," anatero. "Ndazungulira Brakpan yense sabata ino. Ana opusa aja anasesa nyumba osandiuza."

"Mayi," anatero Faan, "munamuvula mbale wanga?"

"Ndinamuvula. Amayi anu anandithandiza."

"Anapita wamaliseche?"

"Musandinyoze, bambo. Anapita ndi suti yomwe anagula kuti adzavale pa ukwati wathu. Inu anyamata munali panja kuliza mainjini ngati mwapenga. Ndani anandifunsa ine? Anzake anali ndi lamulo lawo, amayi ake anali ndi zithunzi, abusa anali ndi ulaliki. Ine ndinali ndi diresi loyera loti ndikabweze kusitolo."

Ine magazi anandikwera. "Alamu, ndiye kuti tinanyamula bodza mpaka kumanda?"

"Munanyamula munthu, alamu. Imwani khofi, akuzizira."

Faan anali atagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

"Lachinayi lililonse munkakalivala?"

"Poyamba, inde. Kenako ndinkangolipaka mafuta. Si inu mumati kusiya chikopa kuti chiume ndi tchimo?"

"Ndi mafuta anga."

"Ndikanatenga a ndani? Anu ndiwo abwino."

"Nanga ine?"

"Inu chiyani?"

"Ine ndinali chiyani m'nyumba muno?"

Breggie anamuikira kapu ya khofi patsogolo. Kenako anati, "Inu ndinali nanu, mukudya, mukuliza mkonono, mukudetsa matawulo anga. Munthu wamoyo samusunga m'sutikesi."

Yankho limenelo silinamukwanire Faan. Kwa Ockert sanapitenso, koma tsiku lomwelo anasamutsira bedi lake m'garaja, ndipo anagona momwemo chisanu chonse, pakati pa majekete a anthu ena. Kugula analeka. Anthu ankabwera ndi majekete kuchokera ku Joni ndi ku Pretoria kuti awaonere, iye n'kuwabweza pageti. Kwa ine anati, "Ndawerenga matupi a anthu osawadziwa moyo wanga wonse. La pa bedi langa sindinaliwerenge."

Ine sindinaikire kumbuyo aliyense. Breggie analakwa pobisa, ndipo ndinamuuza pamaso. Faan nayenso ndinamuuza kuti kuchitira nsanje mafupa n'kupusa, makamaka mafupa a mbale wako. Onse awiri anandiuza kuti ndisamale zanga.

Kutayamba kutentha anabwerera m'nyumba. Izi sindinazione, anandiuza Breggie: akuti analowa kukhitchini, anaika jekete la Tielman pa mpando wa mkazi wake, n'kunena kuti, "M'misoko musamaike mafuta ambiri, ulusi umawola." Basi. Anayambanso kudyera limodzi ndi kukangana za wailesi ngati kale. Koma funso lake lija linali lisanayankhidwe, ndipo ine ndinkaliona m'maso mwake.

Chaka chotsatira fumbi la mu mgodi linamumaliza mapapo. Ndinakamuona kuchipatala, ali ndi chipaipi m'mphuno.

"Sakkie, lamulo lija likadalipo?"

"Tatsala iwe, ine ndi Ockert. Ndiye lilipo."

"Undiveke langa."

Pa majekete onse aja, lake lenileni linali limodzi, lofiirira, la chikopa cha ng'ombe wamba, lowauka ndi moto wowotcherera. Wodziwa majekete sakanalitola ngakhale pamsewu.

"Zipi ukweze wekha," anapitiriza. "Ukatero utuluke, umusiye yekha m'chipindamo. Usalondere."

"Ukufuna kuyesa mkazi uli m'bokosi? Ukalamba liti, iwe? Ndiye udzaona bwanji?"

"Udzandionera iwe. Sumanama."

Anamwalira mwezi wa Disembala, kukutentha moti phula la msewu linkamata nsapato. Thupi linabwera kunyumba m'mawa wa tsiku loika. Ndinamuveka jekete lake, ndinakweza zipi mpaka pakhosi, ndinauza achibale onse kuti atuluke, mayi wamasiye atsale yekha. Ndinatseka chitseko n'kuima pakhonde pamodzi ndi abusa ndi anthu a mpingo. Ndinkamva ngati ndine ndikuyesedwa. Ndinkaopa kuti atuluka chimanjamanja, jekete atalisiya pa mtembo, ine n'kutsala ndi choonadi chopanda wochiuza.

Chitseko chinatseguka pang'ono.

"Alamu, talowani."

Ndinalowa. Zipi inali yotsitsa kale, mkono umodzi utatuluka theka. Breggie anali wefuwefu, thukuta lili kamukamu.

"Mkuluyu walemera, ndipo ine si mtsikananso. Mudzutseni mapewa."

"Alamu, lamulo lathu limati…"

"Lamulo lanu likagwere uko. Nyamulani."

Ndinanyamula. Moyo wanga wonse ndakhala munthu wosunga malamulo, koma tsiku limenelo ndinavula mnzanga m'bokosi ndi manja anga. Tinamusiya ndi malaya oyera. Breggie anamukonza kolala, n'kumumenya pang'ono patsaya ngati mmene amachitira ndi mwana wosamva.

Ndinkaganiza kuti jekete alikulunga m'nsalu n'kukalibisa kuchipinda. Sanatero. Analivala pamwamba pa diresi lakuda, anapinda mikono, anakweza zipi mpaka pachibwano, n'kutsegula chitseko chonse.

Nyimbo yomwe azimayi anayamba inafera pakhosi. Abusa anatsala kukamwa kuli yasa, buku lili m'manja. Gogo wa imvi mbuu, wa zipewa zoyera za kutchalitchi, ataima padzuwa la Disembala m'chikopa chowauka cha wowotcherera zitsulo. Mwana wake wamkazi anathamanga n'kumugwira mkono.

"Amayi! Anthu akuona!"

"Aone. Ndabisa mokwanira." Anayang'ana ife amuna tili chiimire. "Nanga mukudikira chiyani? Tsekani bokosilo munyamule, mwamuna wanga sankakonda kuchedwa."