Paipi ya Bambo ndi galasi la ku saluni

Bambo anga anatchetcha udzu pabwalo la gofu zaka makumi atatu ndi chimodzi, koma ndodo ya gofu sanaigwirepo n'kamodzi komwe. Lamulo la kuntchito linkati wantchito asakhudze zida za osewera, ndipo pa nkhani ya malamulo, eee, Bambo ankaposa ngakhale amene anawalembawo. Anzawo ankawatchula kuti a Kapinga. Chimene ankalakalaka chinali chimodzi basi: kudzamenya kampira kamodzi, bwinobwino, anthu akuona. Bwana wawo anali atawalonjeza kuti tsiku lopuma pantchito adzawapatsa ndodo amenye.

Shedi yosungiramo makina inayang'anizana ndi malo amene mphunzitsi wa gofu ankaphunzitsira anthu. Masana Bambo ankakhala pakhomo la shediyo ndi kapu ya tiyi, maso ali gwa. Mawu sankawamva chifukwa panali kamtunda. Ankangoona mphunzitsi akuimitsa munthu pakati pomenya, n'kumukonza phewa, kumuwongola mkono, kumukankha chiuno. Akatha kumwa tiyi ankalowa mkati, n'kutenga chidutswa cha paipi ya madzi, n'kuchita zomwe aonazo.

Nditatsegula saluni yanga, ndinkaganiza kuti Bambo akondwera chifukwa mwana wawo wapeza zochita. Kukondwera anakondweradi, koma n'galasi. Linali lalitali, lochokera pansi mpaka kupitirira mutu. Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse m'mawa, pomwe makasitomala amakhala ochepa, ankatulukira ndi paipi yawo m'khwapa. Ndinkakankhira dilaya pakona, mabeseni n'kuwaika pamwamba pa kabati, kenako ntchito yanga yopanda malipiro inkayamba.

Pomenya ndi paipi yawoyo ankaima malo asanu kuti ndiwayang'ane. Poyamba, miyendo yotangadza molingana ndi mapewa, mawondo opinda pang'ono, msana wowerama koma wosakhota. Kenako paipi ikafika m'chiuno iyenera kugona chopingasa ngati shelefu. Akaikweza pamwamba, phewa lilowe pansi pa chibwano, mkono wakutsogolo uli njo. Potsika chiuno ndicho chiyambe, manja abwere pambuyo. Pomaliza lamba ayang'ane komwe kwapita mpira, chidendene chakumbuyo chili m'mwamba.

"Iwe, chigongono chili pati?"

"Chili bwino, Bambo."

"Wayang'ana, kapena ukungofuna ndizipita?"

Nthawi zambiri ndinkangofunadi azipita. Tsiku lina anaphwanya babu, magalasi n'kugwera m'mawigi amene ndinali nditangochapa. Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Iwo anasesa mwakachetechete, atamaliza n'kundifunsa ngati ndinaona pomwe panali manja awo nthawi imene paipi imagunda babuyo. Munthu wotere ungamutani? Ndinangoseka, misozi ili m'maso.

Panali mayi wina wogulitsa nsalu amene ankakonda kudzaluka Lolemba. Ameneyo ankawaputa dala. "Bambo a Kapinga, nanga mpirawo uli kuti? Zaka zonsezi mukungomenya mphepo, inakulakwirani chiyani?" Bambo ankangomwetulira n'kuti, "Mayi, thupi likakhala pamalo pake mpira uchita kudziwa wokha kopita." Mayiyo ankaseka mpaka ine kutaya nkhosi ya tsitsi n'kuyambiranso.

Tsiku lopuma linafika. Ndinatseka saluni, n'kuwasitira malaya oyera. Titafika tinapeza antchito anzawo aima mzere ndi maovolosi awo, osewera angapo nawonso abwera kudzaonerera. Bwana analankhula mawu otamanda, kenako mphunzitsi uja, yemwe tsopano anali ndi imvi, anasolola ndodo yonyezimira m'chikwama chake n'kuwapatsa. Bambo anailandira ndi manja awiri.

Anaika kampira, anaima monga mwa masiku onse, n'kutsitsa ndodo pansi. Koma sanamenye. Mbali yosalala ya ndodo, yomenyera mpira, inali italoza kumbuyo. Anaitembenuza, koma sinakhale. Anaitembenuzanso. Wina mwa osewera anatsokomola chobisa kuseka, ndipo ine ndinamuyang'ana diso loti akanakhala kasitomala wanga akanatuluka ndi mpala.

Mphunzitsi anayandikira. "A Kapinga, kodi ndinu wamanzere?"

"Ayi bwana. Kudya, kulemba, zonse ndi dzanja lamanja."

"Nanga mwaimiranji mbali iyi?"

"Ndi mmene ndinkakuonerani."

Apo m'pamene tonse tinazindikira. Zaka zonse zija Bambo ankaonera mphunzitsi atayang'anizana naye. Mkono umene mphunzitsi ankakweza, iwo ankakweza woyang'anizana nawo, ndiye anaphunzira zonse chamanzere. Paipi ilibe kutsogolo kapena kumbuyo, sikanawauza. Galasi langa nalo linkangowatembenuza n'kuwaonetsa ndendende ngati mphunzitsi. Ndipo ine, wowayang'anira wamkulu, ndinkangoti zili bwino, zili bwino. Ndinachita manyazi osaneneka, ndipo mtima unandiwawa powaona akubweza ndodo ija.

"Pepani bwana, ndakutayitsani nthawi," anatero, maso ali pansi.

Mphunzitsi sanailandire. "Dikirani. Tandionetsani kaye mmene mumachitira, popanda mpira."

Bambo anaima. Anakweza ndodo mpaka m'chiuno, n'kuima. Pamwamba, n'kuima. Mphunzitsi anawazungulira, manja ali kumbuyo, akuyang'ana phewa, mawondo, zala. Anatambasula dzanja kuti akonze chinachake, koma analibweza osawakhudza. "Abale inu," anatero potembenukira osewera aja, "zaka zonsezi ndakhala ndikusasa mawu ndi inu, kani wondimvera anali ku shedi!" Atatero ananyamuka liwiro kupita ku ofesi, munthu wamkulu ngati ameneyo, mimba ikugwedezeka.

Anabwerako ndi ndodo yamanzere imene wina anaiiwala kalekale, ya dzimbiri, chogwirira chake chong'ambika. Ina panalibe. Anawapatsa n'kuwanong'oneza kuti, "Tsopano musaime paliponse. Zonse zisanu zija zipite pamodzi, ngati mukutaya madzi a m'ndowa."

Ulendo woyamba Bambo anaima pamwamba mwa chizolowezi, ndodo n'kudutsa pamwamba pa mpira osaukhudza. Palibe anaseka. Mnzawo wina woyendetsa thirakitala anakuwa kuti, "Tiyeni nazo a Kapinga, musaope!" Ine ndinali nditaluma chala, osapuma.

Ulendo wachiwiri sanaime. Ndinangomva kuti thwa! Kampira kanakwera, koyera, kakuchepa, mpaka kukagwa kuseri kwa kambendera kakutali. Antchito anadumpha, zipewa zili m'mwamba. Ine ndinakuwa ngati wamisala, n'kutembenuka kuti ndiwakumbatire.

Ndinawapeza atagwada. Ndodo inali itazula chigamba cha udzu chokula ngati chikhatho, ndipo iwo anali atachitola kale, akuchibwezera pamalo pake, akuchisindikiza m'mbalimbali ndi zala. Mpira wawo sanauone n'komwe.

"Wapita?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Wapita, Bambo. Kutali zedi."

"Mowongoka?"

"Mowongoka."

Mphunzitsi anawabweretsera kampira kena. "Menyaninso, a Kapinga, lero ndi lanu."

Bambo anapukusa mutu, akupukuta maso ndi mkono wa malaya oyera aja.

"Ayi bwana, zikomo. Udzu wavulala kale. Kamodzi kakwana."