Alamu Adzaza Kompyuta

Moni nonse pabanja.

Ndi chisoni chachikulu ndikulengeza kuti kompyuta ya kwathu ku Lwendulu yadwala m'mawa uno, ndondomeko ya mwambo wa chiliza cha agogo Loweruka lino ili m'kati. Kuyaka ikuyaka, koma ndikalemba pasiwedi imachita mdima n'kundibweza pomwe ndayambira. Kapulogalamu koyala mawindo pa sikirini kakukana kudzuka.

Amalume a Fulaye, amene akalambira mumgodi, anatenga sipanala n'kugogoda bokosilo ngati akuyesa denga la pansi. Anatchera khutu, kenako anagamula: "Mphwanga, n'cholimba ichi, sichigwa." Anandifunsanso ngati ku koleji ndinathawa tisanafike pa phunziro limeneli.

Ine wothawa yemweyo ndalipeza vuto. Disiki yadzaza, kapulogalamuko kakusowa poponda. Chadzazamo ndi vidiyo ya ukwati wa achemwali a Esinati, tsiku lonse lathunthu, alamu akuvina thukuta kamukamu. Banjalo linatha kalekale, koma alamu akadali muno, akudya malo.

Achemwali akuti ndisayerekeze kukhudza, diresi linawakhala. Ndiye weruzani abale: tifufute alamu, kapena ndondomeko ya agogo tilembe pamanja?